Kusewera bridge: poyambira pake kwa munthu amene sanaigwireko

Bridge ndi gemu ya makhadi ya anthu 4, awiri mbali ino awiri mbali inayo, ndipo inatchuka kuti ndi yovuta heve moti ambiri amaithawa asanagwire nkomwe khadi. Kuvuta kulipo, sindikana, koma chimene chimathawitsa anthu kwenikweni ndi kaphunzitsidwe kake, tsiku loyamba lomwelo munthu akukuunjikira ma convention, zizindikiro zimene umagwirizana ndi mnzako, oti uloweze pomwe iwe sunadyeko olo trick imodzi. Chonsecho maziko a gemu imeneyi ndi kuwerenga mpaka 13 basi. Aliyense ali ndi makhadi 13, mtundu uliwonse uli ndi makhadi 13, ma trick alipo 13, ndiye munthu amene amawerenga zimenezi osatopa amamukwapula uja analoweza buku lonse koma sakudziwa kuti ma hati atsala angati panja.

Tichotseretu kaye nkhani ya njuga, poti kwathu kuno akangokuona wagwira makhadi amati basi walowerera. Bridge utha kuisewerera ndalama ukafuna, alipo amatero, koma m'mipikisano yambiri anthu amalimbirana mapointi ndi ulemu chabe. Bungwe lake la dziko lonse, World Bridge Federation, linakhazikitsidwa mu 1958 ndipo a IOC, eni ake a Olympics aja, analivomereza mu 1999. Ku Asian Games ya 2018 ku Jakarta bridge inalipo ngati masewera enieni opatsa mendulo, ndipo bambo wina wa zaka 78, Michael Bambang Hartono, mmodzi wa anthu olemera kwambiri ku Indonesia, anapita kwawo ndi ya bronze.

Zofunika ndi zochepa, paketi imodzi ya makhadi 52, ma joker chotsani, pepala ndi cholembera. Mnzanu wa timu amakhala moyang'anizana nanu. Malo okhala amatchedwa North, East, South ndi West, North ndi South timu imodzi, East ndi West timu ina, ndi mayina chabe sikuti mufune kampasi ayi. Wogawa amagawa limodzilimodzi kuyambira wa kumanzere kwake mpaka onse athe, ndipo zonse mu bridge, kugawa, kubida (kulonjeza ma trick amene timu yanu idye, tifikako), kuponya, zimalowera kumanzere momwe imayendera wotchi. Mitundu ndi 4 yomwe mukuidziwa ija, sipedi, hati, dayamondi ndi kalabu. Khadi lalikulu ndi A, kenako K, Q, J, 10 kutsika mpaka 2.

Kaseweredwe kake kali chonchi. Mmodzi amaponya khadi, enanu atatu mumatsatira mmodzimmodzi, ndipo lamulo lalikulu ndi loti ngati mtundu umene wayambawo muli nawo mukuyenera kuponya womwewo, mufune musafune. Ngati mulibe, ponyani lililonse. Makhadi 4 amenewo ndiye trick imodzi, wadya ndi amene waponya lalikulu la mtundu unayamba uja, ndipo wodyayo ndi amene amayambitsa trick yotsatira. Palibe amene amakukakamizani kuponya lalikulu, mutha kukhala ndi A n'kuponya 4 dala, muona kutsogoloku kuti nthawi zina nzeru ili pomwepo. Kubisa mtundu uli nawo amati revoke, ukagwidwa amakulanda trick imodzi kapena ziwiri, ndiye muzisanja makhadi anu bwinobwino mitundu ikhale payokhapayokha.

Ndiye pali trump. Ma raundi ambiri mtundu umodzi umasankhidwa kukhala wolamula, tinene ma hati, ndiye wina akaponya A ya sipedi inu sipedi mulibe, ka 2 ka hati kamadula A ija n'kudya trick. Zimawawa koma ndi momwemo. Ma raundi ena amakhala opanda trump, amati notrump, timalemba NT, pamenepo palibe kudula, mtundu ukakuthera umangotaya makhadi uku ukuonerera wina akudya ndi ti 4 ndi ti 5.

Chimene chimasiyanitsa bridge ndi gemu zina zofanana nayo ndi dummy. Timu imene yawina kubida, mmodzi wa iwo amakhala declarer, ndiye woyendetsa. Wa kumanzere kwake amaponya khadi loyamba, kenako mnzake wa declarer uja amayala makhadi ake onse pa tebulo aliyense aziona, n'kukhala chete. Ameneyo ndi dummy. Declarer amasewera manja onse awiri, lake ndi la pa tebulolo, dummy amangoponya khadi limene wauzidwa, osalangiza, osatsokomola, osatong'ola maso. Ndiye aliyense mwa atatu otsalawo akuona makhadi 26, ake 13 ndi a dummy 13, ntchito yonse ndi kulingalira kuti 26 enawo agawika bwanji.

Musanafike pa kubida, langizo langa ndi loti madzulo angapo oyambirira sewerani ija amati minibridge, imene amaphunzitsira ana ku France ndi ku Netherlands. Muwerenge mapointi a m'manja mwanu, A ndi 4, K ndi 3, Q ndi 2, J ndi 1, paketi yonse ili ndi 40. Aliyense anene ake mokweza, timu imene ili ndi ambiri ndiye isewere, wa ambiri mwa awiriwo akhale declarer, aone dummy, asankhe trump kapena notrump, basi yambani. Akakhala 20 kwa 20 gawaninso. Anthu amaiderera eti ndi ya ana, koma ndi imene imaphunzitsa manja kuti mapointi 25 a anthu awiri amadya ma trick angati, chinthu chimene kuwerenga kokha sikungakupatseni.

Tsopano kubida. Ndi okushoni ndithu, ngati ya fodya ku Kanengo, aliyense akutchula mtengo woposa wa mnzake, kungoti kuno ukulipira ndi lonjezo la ma trick. Ma trick 6 oyambirira sawerengedwa, ndiye ukati 1 hati ukulonjeza kuti timu yako idya 7 ma hati ali trump, ukati 4 sipedi ndi 10, ukati 7NT walonjeza onse 13 popanda trump. Mitundu ili ndi ukulu wake pobida, wamng'ono ndi kalabu, kenako dayamondi, hati, sipedi, pamwamba notrump. Ndiye wina akati 1 hati iwe utha kunena 1 sipedi kapena 1NT, koma ukafuna dayamondi uyenera kukwera ku 2. Ma bid onse alipo 35 kuchokera pa 1 kalabu mpaka 7NT. Wogawa ndiye amayamba, ukapanda chonena umati pass, ndipo anthu atatu akanena pass motsatizana okushoni yatha, bid yomaliza ija ndiye contract. Palinso double, kuwauza a mbali inayo kuti zimene mwalonjezazo simukwanitsa ndipo chilango chikwere, iwonso akadzidalira amabweza ndi redouble. Chimene ambiri amasokoneza n'choti declarer si amene wabida komaliza ayi, ndi amene anayamba kutchula mtundu umenewo mu timuyo. Inu munati 1 sipedi, mnzanu n'kuti 4 sipedi, woyendetsa ndinu, iyeyo ayale makhadi.

Simungabide bwino musanadziwe kuti mapointi a pa pepala amabwera bwanji, ndiye piririrani manambala awa. Kalabu ndi dayamondi amapatsa 20 pa trick iliyonse yopitirira 6 ija, hati ndi sipedi 30, notrump 40 yoyamba kenako 30 zotsatirazo. Mukalonjeza zokwana 100 n'kukwanitsa, imeneyo amati game, ili ndi bonasi ya 300, kapena 500 ngati muli vulnerable, kunena kuti raundi imeneyo mabonasi anu ndi zilango zanu zomwe ndi zokwera, pomwe contract yaing'ono yosafika 100 bonasi yake ndi 50 yokha. Werengani nokha, 3NT ndi 40 kuphatikiza 30 kuphatikiza 30, yakwana 100 ndi ma trick 9 okha, 4 hati kapena 4 sipedi ndi 120 ndi ma trick 10, koma kalabu ndi dayamondi mpaka mufike pa 5, ma trick 11, n'chifukwa chake osewera odziwa amathamangira 3NT olo ali ndi ma dayamondi mbwee. Mukabida 6 n'kudya 12 ndi small slam, 500 ina pamwamba kapena 750, mukabida 7 n'kudya onse ndi grand slam, 1000 kapena 1500. Mukalephera, trick iliyonse yoperewera a mbali inayo amalemba 50, kapena 100 ngati muli vulnerable, ndipo ngati anakupangani double zimakwera moopsa, 100, 300, 500, 800, pomwe wa vulnerable ndi 200, 500, 800, 1100.

Apa pali mfundo imene gemu yonse yatsamira. Mukabida 2 sipedi n'kudya ma trick 10 mumalemba 170. Mukabida 4 sipedi n'kudya 10 omwewo mumalemba 420. Makhadi omwewo, kaseweredwe komweko, kusiyana kwake ndi koti munalimba mtima n'kulonjeza. Zimenezi ndi zimene anakonza Harold Vanderbilt, mkulu wolemera wa ku America, mu 1925 ali pa sitima ya pamadzi yotchedwa Finland imene inkadutsa ku Panama Canal. Kale kunali whist ya ku England, kenako auction bridge momwe umalandira zonse zimene wadya olo sunalonjeze, iye anatengako nzeru ya gemu ya ku France yotchedwa plafond, n'kuwonjeza mabonasi akuluakulu a slam ndi za vulnerable zija. Zinagwira moto moti pofika December 1931 ku New York kunachitika mpikisano wa Ely Culbertson, amene kwambiri ankasewera ndi mkazi wake Josephine, kulimbana ndi Sidney Lenz, ma rubber 150 (rubber imatha timu imodzi ikawina ma game awiri), manyuzi akulemba tsiku ndi tsiku, a Culbertson n'kuwina ndi mapointi 8,980.

Za vulnerable musavutike nazo. Kunyumba sewerani ija amati Chicago, ma raundi 4, yoyamba palibe wa vulnerable, yachiwiri ndi yachitatu timu imodzi mosinthana, yachinayi onse, mukatha phatikizani n'kusinthana anzanu ngati mukufuna.

Nanga ubide chani? Bid iliyonse ndi uthenga kwa mnzako, ukumuuza mphamvu zako ndi kutalika kwa mitundu yako, ndipo nonse mukusaka zinthu ziwiri zokha. Choyamba, kodi tili ndi mtundu umene tonse awiri pamodzi tili ndi makhadi 8 kapena kuposa, makamaka hati kapena sipedi? Chachiwiri, mapointi athu pamodzi afika pati? Akafika 25 pitani ku game. Akafika 33 ganizani za small slam, chifukwa a mbali inayo atsala ndi 7, sangakhale ndi ma A awiri. Pa 37 atsala ndi 3, alibe A olo imodzi, ndiye grand slam. Mwaona, ndi masamu a ku pulayimale.

Njira zobidira zilipo zambiri. Ku Britain anazolowera Acol, imene inatengera dzina pa Acol Road ku London komwe kunali gulu limene linaiyambitsa, 1NT yawo ndi mapointi 12 mpaka 14. Ine ndikupatsani ya ku America poti ndi imene mudzakumane nayo kwambiri pa intaneti. Muli ndi mapointi 12 kapena kuposa, tsegulani. Ngati muli ndi ma hati 5 kapena ma sipedi 5 nenani 1 hati kapena 1 sipedi. Ngati dzanja lanu ndi logawika bwino, kunena kuti palibe mtundu umene mulibe, palibe wa khadi limodzi, ndipo wa makhadi awiri sukupitirira umodzi, mapointi 15 mpaka 17, nenani 1NT. Zina zonse tsegulani ndi kalabu kapena dayamondi, umene uli wautaliwo. Osafika 12 nenani pass, pokhapokha muli ndi mtundu umodzi wa makhadi 7 wolimba dzanja lonse lili lofooka, pamenepo mutha kulumphira pa 3 dala kuti muwalande a mbali inayo malo okambirana.

Mnzanu akatsegula, inu muphatikize. Osafika 6 nenani pass. Watsegula 1 sipedi inu muli ndi ma sipedi atatu, 8 ija yakwana, ndiye ndi mapointi 6 mpaka 9 nenani 2 sipedi, 10 mpaka 12 nenani 3 sipedi kumufunsa ngati ali ndi kenakake kapamwamba, 13 kupita m'mwamba musalole okushoni ithe musanafike pa game. Mukatchula mtundu watsopano, mnzanu wotsegula uja saloledwa kunena pass, ayankhe ndithu. Akatsegula 1NT ndiye zophweka kwambiri poti mukudziwa kale kuti ali ndi 15 mpaka 17, inu osafika 8 khalani chete, 8 kapena 9 nenani 2NT, 10 kupita m'mwamba 3NT. Dziwaninso kuti mapointi amanama nthawi zina, mukapeza 8 ija ya trump, kusowa mtundu wina kapena kukhala ndi khadi limodzi lokha kumasanduka chuma chifukwa mudzadula, pomwe ma Q ndi ma J omwazikana amaoneka ambiri powerenga koma pa tebulo sadya kanthu.

Ma convention awiri okha ndi amene ndingalole munthu watsopano. Stayman, mnzanu akati 1NT inu n'kuti 2 kalabu, simukunena za kalabu ayi, mukumufunsa ngati ali ndi ma hati 4 kapena ma sipedi 4, akakhala alibe amati 2 dayamondi. Ndi Blackwood, ya Easley Blackwood ya m'ma 1930, mukagwirizana mtundu n'kunena 4NT mukufunsa ma A, 5 kalabu ndiye kuti alibe kapena ali ndi onse 4, 5 dayamondi imodzi, 5 hati awiri, 5 sipedi atatu. Enawo adikire chaka chamawa.

Tiyeni tisewere dzanja limodzi lenileni, apa m'pamene pali nkhani. Inu ndinu South.

North, dummy: sipedi 7 4 2, hati 8 5, dayamondi K Q J 9 4, kalabu A 6 3
South, inuyo: sipedi A K 5, hati A 7 4, dayamondi 10 6 3, kalabu K Q 5 2

Muli ndi 16, mwatsegula 1NT, mnzanu ali ndi 10 wangoti 3NT, onse pass. West waponya K ya hati, dummy wayala. Musagwire khadi kaye, olo anthu akuyang'aneni. Werengani ma trick amene mungadye pompano osapereka mpata, sipedi 2, hati 1, kalabu 3, dayamondi palibe poti A ili kwa eni ake. Akwana 6, mukufuna 9, atatu achokera kuti? Ku dayamondi, A ija ikangotuluka mutsala ndi 4 odya. Watsopano aliyense amathamangira kudya ma A ndi ma K ake kaye chifukwa zimakoma, kenako akamapereka dayamondi a mbali inayo amakhala kuti mitundu yonse yawatsegukira. Ma A anuwo ndi zitseko, musatsegule musanagwire ntchito ya dayamondi.

Koma pali vuto lina. Ma hati inu muli nawo 5 pamodzi ndi dummy, panja pali 8, ndipo munthu woponya K nthawi zambiri ali ndi Q ndi J kumbuyo kwake ndi ena angapo. Tinene West ali ndi K Q J 9 2, East ali ndi 10 6 3. Mukadya K ija ndi A pompo n'kupita ku dayamondi, East adya ndi A, aponya hati, West adya 4 motsatizana, ma trick 5 apita, mwagwa. Ndiye musiyeni K adye, ponyani 4. Abwera ndi Q, musiyeninso, ponyani 7. Yachitatu ndiye idyani ndi A, ku dummy tayani ka sipedi. Tsopano werengani, East anali ndi atatu, onse atuluka. Ponyani dayamondi, East akadya ndi A alibenso hati yomupatsira mnzake, chilichonse chimene abweze mudya ndinu, ndipo mumaliza ndi 10, sipedi 2, hati 1, dayamondi 4, kalabu 3, pa pepala 430. Ma hati akakhala kuti anagawika 4 kwa 4, adya atatu ndi A ya dayamondi, inu 9 yanu ilipobe. Nanga A ya dayamondi ikakhala kwa West wa ma hati 5 uja? Mwagwa basi, palibe chimene mukanachita, gawani ena. Kenanso kamodzi, East wochenjera akhoza kuisunga A yakeyo mpaka dayamondi yachitatu kuti inu akuthereni m'manja, ndiye A ya kalabu ku dummy musaiwononge msanga, ndi khomo lanu lokafikira ma dayamondi awiri otsalawo.

Chida china chimene mudzagwiritse ntchito tsiku lililonse ndi finesse. Dummy ali ndi A ndi Q, K ili panja. Mukaponya A kenako Q, K idya Q, mwapeza imodzi. Koma mukayambira m'manja mwanu ndi kakhadi kakang'ono, West amayenera kuponya dummy asanaponye, ndiye akaponya kakang'ono inu ikani Q. K ikakhala kwa West, Q yadya, mwapeza ziwiri. Ikakhala kwa East mwaluza, koma simunataye chilichonse chimene munali nacho. Ndi 50 kwa 50, pokhapokha kubida kunakuuzani kale, ngati West anatsegula okushoni ndiye kuti mapointi ambiri a panja ali kwa iyeyo ndipo K mwina ili komweko. Manambala ena oti musunge ndi awa, makhadi 5 akakhala panja amagawika 3 kwa 2 pafupifupi ka 68 pa 100, 4 kwa 1 ka 28. Akakhala 6 panja anthu amayembekeza 3 kwa 3 koma imeneyo ndi 36 yokha, 4 kwa 2 ndiye imabwera kwambiri, 48. Akakhala 4, 3 kwa 1 imaposa 2 kwa 2.

Contract ya trump mumawerenga mosiyana, m'malo mwa odya werengani amene mutaye. Pa 4 sipedi mukuloledwa kutaya atatu, mukaona 4 funani pothawira, kaya kudula ku dzanja limene lili ndi ma trump ochepa, kaya kutaya khadi loipalo pa mtundu wautali wa dummy. Nthawi zambiri yambani ndi kukoka ma trump a eni akewo, mukuwerenga, muli ndi 8 panja pali 5, raundi yoyamba atuluka awiri atsala atatu, chonchi mpaka athe, ndipo akatha lekani, musamawononge anu awiriawiri kusaka trump imene kulibe. Koma ngati pulani yanu ndi yodula ku dummy, dulani kaye musanamuthere ma trump.

Theka la nthawi mudzakhala mukutchinga, ndipo ndi gawo lovuta kuposa onse poti dzanja la mnzanu simukuliona. Khadi loyamba, ngati mnzanu anabida mtundu ponyani umenewo, anthu amadana ukapanda kutero. Apo ayi, pa makhadi otsatizana ngati K Q J ponyani lapamwamba, pa notrump ponyani lachinayi kuchokera pamwamba pa mtundu wanu wautali. Pa contract ya trump musaponye kakang'ono pa mtundu umene muli ndi A yake, K ya declarer imadya ulere kenako A yanu n'kudulidwa. Mukakhala wachiwiri kuponya nthawi zambiri ikani laling'ono, mukakhala wachitatu ikani lalikulu kuthandiza mnzanu. Makhadi ang'onoang'ono nawonso amayankhula, mwa chizolowezi mnzanu akaponya K inu n'kuika 9 mukuti pitiriza, mukaika 2 mukuti leka, yesa kwina.

Kuyankhula kololedwa ndi kumeneko basi, bid ndi khadi. Kutsinzinira, kumenyetsa khadi pa tebulo, kunena pass mokwiya kapena kuzengereza dala kuti mnzako adziwe kuti uli ndi kanthu, konseko ndi kuba. Ndipo chimene chimadabwitsa atsopano n'choti mgwirizano wanu ndi mnzanu suloledwa kukhala wachinsinsi, a mbali inayo ali ndi ufulu wofunsa kuti 2 kalabu imeneyo ikutanthauza chani ndipo muyenera kuwauza zoona zonse. M'mipikisano sabida ndi pakamwa nkomwe, amatulutsa timakhadi tolembedwa kale m'kabokosi, ndipo pa ikuluikulu amaika chotchinga pakati pa tebulo kuti usamuone mnzako. Pa Bermuda Bowl ya 1975, mpikisano wa dziko lonse umene unayamba mu 1950, osewera awiri a ku Italy anaonedwa akugundana mapazi pansi pa tebulo, moti mpaka pansi pomwe anayamba kutchingapo.

Mukazolowera mudzafuna duplicate, imene imachotsa dandaulo lija loti ine makhadi sakundibwerera lero. Makhadi akagawidwa kamodzi sasakanizidwanso, aliyense amaponya khadi patsogolo pake osati pamulu, raundi ikatha amabwezera 13 ake m'kathumba kake pa bolodi, bolodiyo n'kupita pa tebulo lina. Ndiye dzanja lomwelo limaseweredwa ndi anthu ambiri ndipo inu mukupikisana ndi amene anagwira makhadi anu omwewo. Ngati anthu 4 sakukwana kwanuko, Bridge Base Online imene anayambitsa Fred Gitelman wa ku Canada imatseguka pa foni, mutha kusewera ndi anthu kapena ndi ma robot, komanso kuonerera akatswiri akusewera makhadi onse 52 ali poyera, muziyesa kulosera khadi limene aponye asanaponye. Kungoti mukalowa mpikisano wa ma pair kumbukirani kuti ka trick kapamwamba kali ndi mtengo, pa dzanja la 3NT lija amene wapeza 430 amamuposa aliyense amene waima pa 400, ndiye olo contract yakwana kale musayale makhadi msanga.